Kampopi ka Bambo Aang'ono

Bambo anga aang'ono, a Wendell Krogstad, amayendetsa basi ya sukulu, ndipo m'tauni mwathu muno palibe amene amayendetsa pang'onopang'ono kuposa iwo. Ndinakwera basi yawo mpaka chaka chatha pamene ndinasiya sukulu, ndiye ndikudziwa. Amaima panjanji ngakhale kuti sitima inasiya kudutsapo kalekale, n'kutsegula chitseko, n'kutchera khutu lawo labwino lija. Lakumanzere linagontha ali ku usilikali. Ana kumbuyo amawagenda ndi makoko a malalanje, iwo osacheuka n'komwe. Sanakwatire. Amagona m'kachipinda ka pamwamba pa galaja ya bambo anga, ndipo nthawi zambiri amadya nyemba zam'chitini, m'chitini momwemo.

Koma Loweruka ndi Lamlungu a nyengo yotentha ankasanduka munthu wina. Ankavala chisoti choyera n'kulowa m'galimoto yampikisano ya banja lathu, yobiriwira, ya mipando iwiri, yopanda denga. Galimotoyo inali ya agogo aamuna. Pomwalira anasiya mawu pamaso pa agogo aakazi ndi abusa: Arlo, omwe ndi bambo anga, azikonza, Wendell aziyendetsa mpaka tsiku limene adzatsikemo yekha. Bambo anga mawu amenewa ankawakumbukira ngati mmene lilime limakumbukirira dzino lobooka.

A Wendell nawo anawonjezapo awo. Ankanena paliponse, ku kalabu ya magalimoto, kometetsa tsitsi, ngakhale kwa ife ana, kuti tsiku limene adzaphe injini ndi dzanja lawo adzatsika okha, osadikira wowauza. Ankanena modzitama chifukwa anali asanaphepo injini. Kupambana sanapambanepo, ayi. Ankamaliza pakati, nthawi zina chakumapeto. Koma kumaliza ankamaliza, ndipo ankati zonsezo ndi chifukwa cha kampopi. Nyuzipepala yathu inangolemba mzere umodzi wakuti Krogstad sanamalize mpikisano wa ku Kansas. Ine ndinaliko, ndipo ndikufuna muwerenge mmene zinakhalira.

Injini ya galimoto imeneyi ilibe kabureta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Petulo amachita kukankhidwa ndi pampu yoyendetsedwa ndi injini yomweyo. Pampuyo ilibe maso, ilibe mphuno. Siidziwa kuti lero tili kumtunda kuno ku Colorado kumene mpweya ndi wopepuka, kapena tatsikira kuchigwa kumene ndi wolemera. Imangopereka muyezo umene inauzidwa. Ukayikhutitsa mafuta, injini imachita ulesi, utsi bii, mapulagi oyatsira petulo mwaye wokhawokha. Ukayimana pang'ono imapepuka, imalira mokoma, imakoka bwino. Ukapitirira kuyimana, m'kati mumatentha mpaka pisitoni, chitsulo chimene moto umakankha m'kati mwa injini, kusungunuka n'kubooka. N'chifukwa chake agogo anaika kampopi kofiira pambali pa giya, kolumikizidwa ku pampu ndi chingwe chachitsulo chonga cha mabuleki a njinga. Kupotolera kumanja n'kumana, kumanzere n'kudyetsa, ndipo dalaivala amachita zimenezi ali pampando, galimoto ikuthamanga.

A Wendell kampopi kameneka ankakakonda kuposa munthu aliyense. Ankakapukuta ndi kansalu kakekake. M'mawa wa mpikisano ankaima pambali pa ngolo yonyamulira galimoto, n'kunyambita chala, n'kuchiimika m'mwamba, n'kununkhiza mphepo ngati galu wosaka. Akatero ankalengeza kuti lero mpweya ndi woonda, kapena wanenepa, ndipo apotola mwakutimwakuti. Ankati injini saimvera m'khutu ayi, amaimvera kumsana.

Chimene sankadziwa n'chakuti kampopiko kanali kakufa. Ine ndisanayambe sukulu, bambo anga anatsegula mapulagi pambuyo pa mpikisano wina n'kuwapeza atayera ngati phulusa. Sanakalipe, sanafunse. Anangomasula chingwe chija kumbali ya pampu, n'kuchikolowetsa ku kasipuling'i kuti kampopi kazilimbabe m'manja monga kale. Kuyambira pamenepo muyezo wa mafuta ankautchera okha ndi sipanala m'mawa, n'kutseka boneti. Anauza mnzawo mmodzi pa mowa, ndipo mwezi usanathe kalabu yonse inali itadziwa. Ife kunyumba tinakula tikudziwa, monga mmene ana amadziwira kuti agogo amavala mano oikirira.

Ku kalabu zinasanduka masewera. Anawapatsa dzina lakuti a Kapotola, iwo n'kumayesa kuti ndi ulemu. Kukabwera mlendo amene wangoyamba kumene mipikisano, ankamutumiza kwa a Wendell kuti akaphunzire za mafuta. A Wendell ankasiya khofi wawo, n'kumukhazika mlendoyo pampando wa galimoto, n'kumugwira dzanja, kumuphunzitsa mmene amamvera injini ikamapempha. Amuna akuluakulu, ena a imvi, ankabisala kuseri kwa matayala atagwira m'mimba ndi kuseka. Mlendoyo akabwerako ankamunong'oneza zoona zake, ndipo chaka chotsatira nayenso ankatumiza wina.

Panali chinanso chimene zaka zimenezi zinachita. Agogo aamuna kampopi kaja ankakasuntha pang'ono chabe, ngati munthu wofunafuna siteshoni pa wailesi. Koma popeza kwa a Wendell sikankayankha, dzanja lawo linazolowera kulemera. Akafika pamsewu wautali wowongoka, pamene owonerera amakhala, ankachotsa dzanja lamanja pachiwongolero, chigongono m'mwamba kuti aliyense aone, n'kupotola kuzungulira kwathunthu, kawiri, katatu. Anthu ankawomba m'manja. Iwo ankagwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza matenda.

Kenako achemwali anga a Charlene anakwatiwa ndi Duane Pickrell. Ndimayenera kumutchula kuti alamu, koma pakamwa panga pamakana. Ndi wamtali, amaseka chakudya chili m'kamwa, ndipo ndinene zoona, galimoto amaidziwa. Anakulira ku mipikisano ya pafumbi, kumene amagundana dala. Bambo anga atamuona akuyendetsa tsiku lina, anabwera kunyumba, ndipo pakudya ankangoyang'ana a Wendell ngati mpando wakale umene ukudya malo m'nyumba.

Anayamba ndi kupempha. Lamlungu lina tili patebulo kwa agogo aakazi, anati Wendell wakula, maso ayamba kufooka, bwanji mnyamatayu ayeseko chaka chamawa. A Wendell anaika foloko pansi.

"Achimwene, bambo anati ndidzatsika ndekha. Kodi ndapha injini?"

Bambo anga anayang'ana kwa agogo. Agogo anati zimene zinanenedwa zinanenedwa, ndipo wina awapatsire mbatata. Duane anafunsa a Wendell mwaulemu wonamizira ngati angamuphunzitseko kupotola, poti iye ndi mbuli. A Wendell anasangalala, nayamba kufotokoza ndi botolo la mchere. A Charlene anathamangira kukhitchini atatseka pakamwa.

Injini yakale ija inali itatopa. Inkadya oyilo, ndipo bambo anga anali ataitanitsa kale yatsopano. Itafika m'bokosi lamatabwa sanaitsitsire ku galaja, anakaibisa m'shedi ya Duane. Nkhani yake bambo ndi Duane anakambirana kukhitchini kwathu masana, ine ndikusenda kaloti, ngati kuti ndine kabati. Bambo anati injini yakaleyo ikupita kotaya zitsulo basi, ndiye bola igwire ntchito imodzi yomaliza. Anati iwo sakhudza muyezo ngakhale dontho, autchera bwinobwino monga mwa masiku onse. Angobwezeretsa chingwe pamalo pake, zotsalazo achita Wendell yekha. Duane anaseka mpaka kutsamwa. Amayi anatsegula madzi a pasinki mwamphamvu.

Madzulo ake ndinakwera kuchipinda kwa a Wendell n'kuwapempha kuti ku Kansas kampopi asakakakhudze. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati ndayamba kulankhula ngati bambo anga, ndipo munthu sauza woimba kuti aimbe atatseka pakamwa. Anandipatsa pichesi lam'chitini n'kunditsegulira chitseko.

Mpikisano wa ku Kansas ndi womaliza pachaka. Umachitikira pabwalo lakale la ndege za asilikali, pakati pa minda ya tirigu, ndipo msewu wake wowongoka ndi wautali moti galimoto imaoneka ngati nyerere isanakhote. Loweruka anayeserera monga mwa nthawi zonse, kampopi kali kakufa. Lamlungu kunacha kozizira, chisanu chitayera pa ngolo. Mpweya wotere ndi wolemera, injini imafuna kudya kwambiri. A Wendell ananyambita chala chawo, nalengeza kuti kukatentha masana mpweya uwonda, ndiye ayimana. Kenako anapita kumsonkhano wa madalaivala. Bambo anga anatsegula boneti, nawerama ndi sipanala yaing'ono. Sizinatenge nthawi imene munthu amamwera khofi.

Mbendera yoyambitsira mpikisano itagwa, a Wendell anali pakati monga mwa masiku onse. Anazungulira koyamba osakhudza kanthu, chifukwa magalimoto anali adakali mpingu. Atabweranso pamsewu wowongoka, chigongono chija chinakwera. Anthu a ku kalabu, amene sankadziwa kuti lero zasintha, anayamba kale kuseka.

Kulira kwa injini kunasintha tonse tikumva. Kunachoka ku mabesi aulesi amene tinazolowera, n'kukwera, n'kuthwa. Galimoto yobiriwira ija inachita ngati yalumidwa ndi njuchi. Inadutsa yabuluu ya mphunzitsi wina wa ku Wichita msewu usanathe, ndipo pokhota inali itamamatira kale kumbuyo kwa ina. Kuseka kuja kunazima. Wina anafunsa bambo anga kuti ayika chiyani m'thanki, iwo anangoyang'ana wotchi yawo.

Atadutsanso pamaso pathu ndinaona pakamwa pawo pali yasa pansi pa magalasi. Ankaseka. Munthu amene anakhala zaka zonse akulankhula ndi chitsulo chosayankha, lero chinamuyankha, ndipo anachimva kumsana ndithu monga ankanenera. Ndiye anapotolanso. Anadutsa awiri pamodzi. Panali galimoto ina yasiliva ya dokotala wa mano wa ku Denver, imene a Wendell ankangoionera kumbuyo moyo wawo wonse. Anaipeza pakati pa msewu wowongoka, nayandikana nayo mbali ndi mbali, naisiya. Anali achiwiri. Amuna omwe aja obisala kuseri kwa matayala anakwera pamwamba pa ngolo zawo, akukuwa dzina la Wendell, lenilenilo, osati la Kapotola.

Duane nkhope inagwa. Anasendera kwa bambo anga.

"Bambo, nanga ikapanda kufa?"

"Tamvera bwino," anatero bambo, maso ali pa wotchi. "Ikulira ngati botolo lopanda kanthu. Ifa."

Inazunguliranso. Mapaipi a utsi anali atayera ngati fupa. Pamene inkatulukira pakona yomaliza, galimoto yotsogola ili pafupi moti akanatha kuwerenga nambala yake, chigongono chinakweranso. Kunamveka ngati chifuwa cha nkhalamba, kamodzi, kenako utsi woyera unafuka m'mbali monse. A Wendell anakweza dzanja m'mwamba monga lamulo limanenera, kuchenjeza a m'mbuyo, naipatutsira pa udzu. Yasiliva inadutsa, yabuluu inadutsa, onse anadutsa.

Anawakoka ndi chingwe mpaka pamene tinaimika ngolo. Sanatsike msanga. Bambo anga anatsegula boneti, namasula pulagi imodzi ndi nsanza m'manja, naikweza kuti anthu amene anasonkhana aione. Nsonga yake inali itasungunuka, tizidutswa ta pisitoni titamatirira ngati shuga. Anafunsa mokweza kuti wapotola kangati. A Wendell anayankha moona mtima kuti anapotola monga mwa masiku onse, kenako n'kuwonjezera chifukwa inkapempha. Nkhope yawo inali ikuwalabe.

"Achimwene, munaimva koma? Sinayambe yakokapo chonchi chibadwire."

"Sindinafunse zimenezo. Dzanja linali la ndani?"

A Wendell anayang'ana anthu onse aja, kenako dzanja lawo.

"Langa."

"Ndiye paja unkati chiyani?"

A Wendell anamasula lamba. Anatuluka m'galimoto, navula chisoti, nachiika pampando.

Ku kalabu kwathu kuli mwambo. Mpikisano womaliza ukatha, onse amadya pamodzi m'tenti yaikulu, masoseji owotcha, nyemba ndi mowa. Pamenepo amatulutsa pisitoni yakale yobooka, yomangidwa pa tcheni, n'kumuveka m'khosi amene wapha injini mopusa kuposa onse chaka chimenecho. Amadya ataivala, ndipo saloledwa kuivula mpaka mbale zitachotsedwa. A Wendell anali ataombera m'manja anthu ambiri povekedwa. Tsiku limenelo anaimirira okha asanaitanidwe, naweramitsa mutu. Anayesa ngakhale kumwetulira. Anati injini yafa imfa yabwino, ili pa nambala yachiwiri.

Zikanathera pamenepo, mwina akanapita kwawo ndi kena kake. Koma Duane anali atamwa, ndipo mantha amene anamugwira masana aja anali asanamuchoke bwino. Anaimirira ndi chitini cha mowa, nati tikweze zakumwa chifukwa cha a Kapotola, amene apotola mphepo kuyambira iye Duane ali kamnyamata ka pasukulu, ndipo tsiku loyamba limene apatsidwa kampopi kamoyo awotcha nako nyumba. Tenti yonse inaphulika ndi kuseka. Ena ankamenya matebulo.

A Wendell anatembenuza khutu lawo labwino.

"Mwati bwanji, mkamwini?"

"Ndati chingwe chinali chomasula, bambo aang'ono. Zaka zonsezi. Funsani aliyense muno, ngakhale ana."

Anayang'ana tebulo lililonse. Panali anthu amene anawagwira dzanja n'kuwaphunzitsa, ena tsopano a ndevu zawo. Palibe amene anatsutsa. Ena anayang'ana m'mbale, ena anapitiriza kuseka chifukwa kusiya pakati kukanakhala kovuta kwambiri. Pomaliza anayang'ana bambo anga, omwe ankadula soseji.

"Ndinakusungira injini zaka zonsezi," anatero bambo. "Sunandithokozepo."

"Nanga lero?"

"Galimoto wokonza ndine. Ndinapeza chingwe chili chomasuka, ndachimanga. Ndalakwa?"

A Wendell anakhala pansi. Pisitoni ija inagunda m'mphepete mwa tebulo. Anadya nyemba zawo zonse, pang'onopang'ono, ndipo sanaivule mpaka mayi wina atabwera kudzatenga mbale.

Pobwerera ndinakwera ndi a Wendell, amene ankayendetsa lole yokoka ngolo, chifukwa palibe wina anafuna. Tinayenda mtunda wautali m'minda yokololedwa. Kenako ndinawauza kuti akakanena kwa agogo aakazi, agogo sangalole, poti uku n'kutchera munthu msampha, ndipo ine ndikhoza kuikira umboni za injini yobisidwa kwa Duane. Anapukusa mutu. Anati chingwe anamanga ndi achimwene, inde, koma wopotola anali iwo, ndipo mawu aja anawanena okha pamaso pa anthu. Anati akakadandaula kwa amayi awo pa msinkhu umenewu, ndiye kuti adzawaveka pisitoni ija chaka chilichonse mpaka kufa. Tinadutsa tauni ina yaing'ono, anaima panjanji, natsitsa galasi. Kenako anandifunsa, osandiyang'ana, ngati ndinaona pamene ankadutsa yasiliva ija. Ndinati ndinaona. Anafunsa ngati anthu ankakuwadi kapena ankangoseka monga kale. Ndinati ankakuwadi. Anagwedeza mutu, nalowetsa giya.

Lolemba anayendetsa basi yawo. Nkhani inali itafika kale, ndipo mng'ono wa mnzanga anandiuza kuti ana ankapotola manja m'mwamba njira yonse, akulira ngati injini.

Loweruka lotsatira injini yatsopano inabwera ku galaja pa lole ya Duane. Bambo anga ndi anyamata awo a pagalaja anali kalikiliki ndi tcheni chokwezera. Panatsala ntchito imodzi. Mpando wa galimoto ija unamangidwa pa msinkhu wa a Wendell, ndipo Duane atalowamo mawondo ankagunda chiwongolero. Bambo anaitana a Wendell kuchokera kuchipinda kwawo, nawapatsa chobowolera. Anati amene anamanga mpandowo kalelo ndi a Wendell omwewo, ndiye akudziwa pamene pali zitsulo zolimba pansi pake.

A Wendell anagwada pa simenti. Anamasula mabawuti, nayeza ndi chala, nabowola mabowo atsopano, nakokera mpando kumbuyo, namanga. Duane analowa, natambasula miyendo, nagwedeza chiwongolero uku akutafuna chingamu.

"Zakwana?" anafunsa a Wendell.

"Pang'ono kumbuyo, bambo aang'ono."

Anamudikira atuluke, nagwadanso, nayamba kumasula.